Voodoo ya D'Angelo ikumveka ngati ng'oma zikuchedwa, kodi anandiikira fayilo yowola?

Uthenga uwu wachokera kwa mnyamata wina wa zaka 23 amene amapanga mabiti pa laputopu kunyumba komanso amaimba kiyibodi kutchalitchi kwawo. Akufunsa za Voodoo, chimbale cha D'Angelo, woimba wa ku America. Ndawufupikitsa pang'ono:

"Akulu, D'Angelo atamwalira aliyense amangotama chimbale chake cha Voodoo ndiye ndinakaikitsa pa memory card. Koma chikundisokoneza mutu. Ng'oma zikumveka ngati zikuchedwa, besi ikubwera m'mbuyo, mawu ake sakumveka ngati akuimba ali ndi mbamu mkamwa, ndiye nyimbo ija ya Untitled ikungoduka osatha. Ndimakweza voliyumu mpaka pothera kuti ndimve mawu, pano makutu amalira usiku. Kodi fayilo ndi yowola kapena ndi mahedifoni angawa? Ndimafuna ndiphunzirepo kapangidwe ka biti. Komanso mayi ataona dzinalo pa foni anati za satana m'nyumba mwawo ayi."

Achimwene, khazikani mtima pansi kaye. Pa zinthu zonse mwatchulazo, chimodzi chokha ndiye chandidetsa nkhawa ndipo si ng'omazo ayi, ndi makutu akulirawo, tibwerako. Zinazo, kuchedwa kwa ng'oma, besi yokoka mwendo, mawu obisala, nyimbo yoduka, zonsezo ndi mmene chimbalecho chinatulukira mu situdiyo. Ndiye kuti makutu anu akugwira ntchito, amva zomwe zilimodi. Ambiri amangoti "chimbale chabwino" chifukwa anzawo atero osamva n'komwe kuti pali china chachilendo.

Ndikuuzeni zochititsa manyazi. Ine nditagula CD imeneyi koyamba, kalekale ndikuyamba kumene ntchito ya mu situdiyo, ndinabwerera nayo kwa venda amene anandigulitsa n'kumuuza kuti wandibera, CD yake ndi yodumpha. Mkuluyo anaiika mu wailesi yake, tinamvera limodzi nyimbo yoyamba ija Playa Playa, imayamba ndi phokoso la anthu ngati uli panja pa nyumba ina mkati mukuchitika zinthu, kenako biti n'kulowa mozemba. Anandisinthira ina. Kufika kunyumba, chimodzimodzi. Ndinaiponya mu katoni miyezi ingapo, nthawi imeneyo makutu anga anali atazolowera R&B yosalala ya pa wailesi yomwe chilichonse chimagwera pa mzere ngati asilikali pa perete.

Chimbalechi chinatuluka pa 25 Januwale 2000 kudzera ku Virgin Records, patatha zaka zisanu chitulukire choyamba chake cha Brown Sugar cha 1995. Anachijambulira ku Electric Lady Studios ku New York, situdiyo yomwe anamanga Jimi Hendrix mu 1970, ndipo anakhalamo zaka, osati masabata. Pa ng'oma panali Questlove wa gulu la The Roots, besi nyimbo zambiri ndi Pino Palladino wa ku Wales, lipenga Roy Hargrove, injiniya Russell Elevado. Amenewa si anthu oti angaphonye biti mwangozi. Questlove nthawi imeneyo ankadziwika kuti amamenya ng'oma molondola ngati makina, ndipo iye mwini wakhala akufotokoza kuti zinamuvuta, amachita kuphunziranso kumenya ngati munthu woledzera chifukwa ndi zomwe D'Angelo amafuna, mpaka amaopa kuti anzake oimba ng'oma amuseka kuti watha.

Kamenyedwe kameneka kanachokera kwambiri kwa J Dilla, pulojusa wa ku Detroit amene ankapanga mabiti pa makina opangira mabiti otchedwa MPC koma osalola makinawo kumuwongolera. Inu amene mumapanga mabiti mukudziwa quantize, kabatani kamene kamakokera chilichonse pa mzere. Dilla ankasiya kiki (ng'oma yaikulu yapansi) ndi sineya (ng'oma yolira ngati kuwomba m'manja) zibwere msanga kapena mochedwa pang'ono, mwadala. Ndiye D'Angelo anatenga maganizo amenewo n'kuwapatsa anthu amoyo oimba ndi manja. Pino naye anauzidwa kuti besi ikhale kumbuyo kwa ng'oma, ndiye D'Angelo mwini wake ndi mawu ake n'kukhala kumbuyo kwa besiyo. Mukumva anthu atatu akuyenda njira imodzi koma wina ali kutsogolo, wina pakati, wina akukoka mapazi kumbuyo, palibe amene wasochera. Ndipo nthawi imodzimodziyo mu nyumba yomweyo Common amajambula Like Water for Chocolate, Erykah Badu amajambula Mama's Gun, oimba ake ambiri omwewo, gulu lomwe ankalitcha Soulquarians. Mukamvera zimbale zitatuzi motsatizana mumva fungo lake ndi limodzi.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse chifukwa ndi pomwe anyamata ambiri amagwera. Kuchedwako kumakoma chifukwa pali china chomwe sichikugwedezeka. Tsegulani Chicken Grease kapena One Mo'Gin, musamvere mawu, muziwomba m'manja pang'onopang'ono motsata hi-hat basi, timbale tachitsulo tija tolira tsi-tsi-tsi. Muona kuti liwiro la nyimbo silikusintha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi lomwelo, ndipo sineya ikachedwa imachedwa mofanana nthawi zonse. Woimba ng'oma amene sadziwa amachedwa apa, kuthamanga apo, mawa kuchedwa mosiyana. Ameneyu akuchedwa pamalo amodzimodzi mphindi zisanu zathunthu, zomwe ndi zovuta kuposa kumenya pa mzere. Inu muli kutchalitchi mukudziwa amayi ena a kwaya amene amalowa mochedwa pang'ono pa kolasi koma nyimbo n'kukoma kuposa akanalowa pa nthawi, ndiye pali ena amene amachedwa chifukwa aiwala mawu. Khutu limasiyanitsa.

Za mawu osamveka, nazonso ndi dala. D'Angelo amaimba yekha mawu ambirimbiri n'kuwasanjikiza ngati kwaya, ena pansi ena falsetto, mawu opyapyala aja, pamwamba, ndipo satafuna mawu bwinobwino, amawameza. Pa miksi mawuwo sanaikidwe kutsogolo ngati mmene timachitira masiku ano pomwe woimba amakhala pamphuno pako, anawaika mkati mwa zida ngati nawonso ndi chida. Ngakhale anthu a ku America komweko ambiri samva zomwe akunena popanda kuwerenga. Onjezani kuti Elevado anajambula pa tepi ya analog, ija ya mainchi awiri, ndi zida zakale, ndiye saundi yake ndi yonenepa pansi, yofunda, pamwamba palibe kuwala kwa tsetsetse komwe mwazolowera pa nyimbo zatsopano. Mukachoka pa nyimbo ya chaka chino n'kulowa mu Voodoo zimakhala ngati mwachoka panja pa dzuwa n'kulowa m'nyumba yaudzu, maso amafuna mphindi zingapo kuti ayambe kuona.

Untitled (How Does It Feel) imatenga mphindi 7 ndi masekondi pafupifupi 10, ndipo inde imaduka mwadzidzidzi nyimbo ili pamwamba penipeni, akukuwa, magitala akulira, kenako zii. Ngati yanu ikudukira pamenepo ndiye kuti ndi yonse. Anailemba ndi Raphael Saadiq ndipo aliyense amene amadziwa woimba wotchuka uja Prince amva kuti akugwadira iyeyo. Yomwe anthu amaidziwa pa vidiyo ija ali chifuwa pamtunda ndi yofupikitsidwa. Vidiyo imeneyo, mwa njira ina, inamupweteka mwini wake, anthu pa mashoo anayamba kukuwa kuti avule malaya m'malo momvera nyimbo, anazimiririka, chimbale chotsatira Black Messiah chinadzatuluka mu Disembala 2014, zaka pafupifupi 15. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano sindikunena kuti fayilo yanu ndi yabwino, sindinaimve. Pali zinthu zingapo zoti muyese nokha. Chimbalecho chili ndi nyimbo 13, kuyambira Playa Playa kumalizira Africa, ndipo chonse chimatenga mphindi pafupifupi 79. Werengani zanu. Anyamata oika nyimbo pa memory card nthawi zambiri amatenga paliponse, ina yachokera pa vidiyo, ina pa wailesi, ina ndi ya 64 kapena 96 kbps yomwe yapanikizidwa katatu. Fayilo yotere mumaizindikira pa ma cymbal, amamveka ngati madzi akutuluka pa mpopi wotsekeka theka, shwiii, ndipo besi imasanduka phala. Kumeneko ndiye kuwola kwenikweni. Yang'anani kukula kwake, nyimbo ya mphindi 7 ikakhala 3 MB dziwani kuti yafinyidwa kwambiri, pa 320 kbps imayenera kukhala cha m'ma 16 kapena 17 MB. Tsiku lomwe muli ndi bandulo tsegulani nyimbo imodzi pa Spotify, Apple Music kapena pa tsamba lake lenileni la YouTube muyerekeze ndi yanuyo. Nyimbo imodzi yokha ikukwanani kudziwa.

Koma dziwani ichi, fayilo yoipa singachedwetse sineya yokha n'kusiya zina. Bluetooth nayonso ikachedwa imachedwetsa nyimbo yonse pamodzi, osati chida chimodzi. Ndiye za kuchedwazo musawanamizire anyamata a pamsika.

Pa mahedifoni pali kavuto kamodzi komwe ndakaona kambirimbiri. Jaki ikakhala kuti sinalowe yonse kapena waya wa ground waduka mkati, zinthu zonse zomwe zili pakati pa miksi zimasowa, ndipo pakati ndi pomwe pamakhala mawu otsogolera, besi ndi kiki. Umangomva zam'mbali ndi ka eko, woimba ngati ali m'chitsime. Njira yodziwira ndi yosavuta, ikani nyimbo ina yomwe mumaidziwa bwino. Ngati nayonso mawu athawa, vuto ndi waya, gwedezani jaki muone ngati akubwerera. Ngati inayo ili bho, mahedifoni alibe mlandu. Onaninso equalizer ya mu foni, ambiri mumaika bass boost mpaka kumwamba ndi zija za 3D surround, pa chimbale chomwe besi yake ndi yonenepa kale ndiye mwangokwirira mawu ndi dothi. Zimitsani zonse ikhale flat. Ndipo chonde musachiweruze pa sipika ya foni, Pino samveka n'komwe pamenepo, ndipo popanda Pino theka la nkhani palibe.

Pomvera, ine ndingati musayambire pa nyimbo yoyamba. Yambani ndi Send It On kapena Feel Like Makin' Love, yomwe ndi nyimbo yakale ya Roberta Flack ya 1974, zimenezi zimalandira mlendo bwino. Kenako Spanish Joint, yothamanga, pomwe Charlie Hunter akuimba besi ndi gitala nthawi imodzi pa gitala imodzi ya zingwe 8, mukadziwa zimenezo muimvera kawiri. The Root muisiye komaliza, usiku, magetsi atazima. Ine Left & Right, ija muli Method Man ndi Redman, ndimaidumpha nthawi zambiri, ndimaona ngati inalowa nyumba yolakwika, ena akwiya nazo koma ndi maganizo anga.

Pa zophunzira biti, apa ndiye ndilankhule ngati munthu amene wakonzapo ma project ambiri a anyamata. Chomwe chimachitika ndi ichi, munthu wamva Voodoo kapena Dilla, akuthamangira ku pulogalamu yopangira mabiti ya FL Studio, kuzimitsa snap yomwe imasunga zinthu pa mzere, kumwaza chilichonse, kiki uko sineya uko hi-hat uko, n'kubwera nazo kuti ndi neo soul, mtundu wa nyimbo za D'Angeloyu. Woimba akalowa mu booth akulephera polowera, tikutha maola awiri pa vesi imodzi. Musatero. Siyani chinthu chimodzi pa mzere, kaya hi-hat kaya kiki, chikhale mzati. Sunthani sineya yokha kumbuyo pang'ono, yambani ndi ma millisecond 10 kapena 15, mverani, onjezani mpaka pomwe mutu wanu wasiya kugwedera, ndiye bwererani pang'ono. Besi muiimbe ndi manja pa kiyibodi, musaijambule ndi mouse, ndipo musaikonze ikatha. Poti ndinu wa kiyibodi muli ndi mwayi kuposa anzanu. Koma choyamba phunzirani kuimba pa metronome, kachipangizo kogunda nthawi mosasintha, molondola mpaka zikutopetseni, chifukwa simungachedwe mwadala ngati simudziwa pomwe pali nthawi yeniyeni. D'Angelo anayamba piyano ali kamwana kutchalitchi, kuchedwa kwakeko kuli ndi zaka zambiri za kulondola pansi pake.

Chenjezo lina, mabiti otere sagulika msanga. Kasitomala wofuna nyimbo ya pa ukwati kapena ya kwaya akamva sineya yochedwa akuuzani kuti mwalakwitsa ndipo ndalama yake ndi yomwe ikulamula. Phunzirani, ikani pang'ono ngati mchere, koma dziwani amene mukumupangira. Ndipo musadule kachidutswa ka chimbalechi n'kuika mu nyimbo yanu yogulitsa popanda chilolezo, ikakwera pa YouTube kapena Spotify makina amaigwira, ndalama zimapita kwa eni ake kapena nyimbo imachotsedwa. Ngati mwafika poti mukufuna kutulutsa nyimbo yokhala ndi sample, kachidutswa ka nyimbo ya munthu wina, kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, kapena kwa loya wodziwa za copyright musanawononge ndalama za vidiyo.

Za amayi. Musakangane nawo, nyumba ndi yawo, ndipo dzinalo kwa munthu wopemphera limadzidzimutsadi, zithunzi za mkati mwa chimbalecho nazonso zili ndi anthu ovala zoyera pa mwambo, ng'oma ndi zina zotero. Mawu akuti voodoo amachokera ku chipembedzo cha Vodun cha ku West Africa, madera a Benin ndi Togo, chomwe chinawoloka nyanja ndi akapolo kukafika ku Haiti ndi New Orleans. D'Angelo, dzina lake lenileni Michael Eugene Archer, anabadwira ku Richmond, Virginia mu 1974, mwana wa m'busa wa Pentekosite, ndipo zomwe zili m'nyimbozo ndi chikondi, kusiyidwa, chilakolako, mayesero, pemphero. Devil's Pie, yomwe anapanga ndi DJ Premier, dzina lake likuopsa koma ikudzudzula dyera la ndalama ndi moyo wothamangira zinthu. Africa ndi nyimbo yofatsa yokhudza mwana wake ndi komwe makolo anachokera. Koma ndisakunamizeni kuti ndi chimbale cha kwaya, muli mawu otukwana ndi zakuchipinda, makamaka Left & Right, ndiye ngakhale dzina likanakhala lina si choika pa sipika pa balaza amayi ali pompo ndi ana. Mverani kuchipinda kwanu. Ngati chikumbumtima chanu inuyo chikukutsutsani, kambiranani ndi abusa anu kapena mkulu amene mumamukhulupirira, ine ndine wa saundi, za mzimu wanu sindingakugamulireni. Chimene ndingakuuzeni ndi chakuti chinalowa pa nambala 1 pa Billboard 200, chinapata Grammy ya chimbale chabwino cha R&B mu 2001.

Tibwere ku makutu tsopano, pomwe ndinati pandidetsa nkhawa. Mukukweza voliyumu kuti mupeze mawu, koma mawuwo anaikidwa mkati dala ndiye mukakweza, ng'oma ndi besi zikukweranso limodzi, mawu ali pomwe analipo, chomwe chikusintha ndi kuwonongeka kwa khutu lanu basi. Kulira kumene mukumva usikuko ndi khutu likudandaula. Mkati mwa khutu muli timaselo tating'ono ngati tsitsi tomwe timamva phokoso, tikafa sitimeranso, palibe mankhwala obwezeretsa. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukakweza pang'ono pokha nthawi yotetezekayo imatsika kwambiri, mahedifoni a foni pothera amatha kudutsa 100. Ndiye onjezani maola a pa laputopu ndi Lamulungu mutaima pafupi ndi sipika ndi woimba ng'oma kutchalitchi. Ndili ndi anzanga a ntchito yomweyi amene pano amamiksa nyimbo zowala mopweteka chifukwa pamwamba samvanso, iwo amaona ngati zili bwino, makasitomala anathawa osawauza chifukwa.

Kuyambira lero voliyumu isadutse pakati n'pang'ono, cha m'ma 60 pa 100, ndipo pakatha ola vulani mahedifoni mupume. Mawu a nyimbo awerengeni pa intaneti uku mukumvera motsitsa, mudabwa kuti mukangowawerenga kamodzi khutu limayamba kuwatola lokha. Pumitsani makutu masiku awiri atatu opanda mahedifoni. Kulirako kukapitirira sabata imodzi kapena masabata awiri, kapena kukakhala khutu limodzi lokha, kapena mukuona kuti anthu akamalankhula pagulu mukuvutika kumva, pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi a za makutu akuyezeni kamvedwe, zipatala zikuluzikulu zimayeza. Koma khutu likangotseka mwadzidzidzi, kapena pali chizungulire, kupweteka kapena mafinya, musadikire sabata, pitani tsiku lomwelo. Musathiremo mafuta kapena kutokosa ndi kamtengo ka machesi, nthawi zina ndi phula chabe lomwe achipatala amachotsa mphindi zochepa.

Mukayesa za jaki ndi equalizer zija mundilembere mundiuze kukula kwa fayilo ya Untitled ndi pomwe ikudukira, ndipo ngati mwapanga biti yoyeserera tumizani ndimve sineyayo mwaiika pati.